Adad alanda nyimbo ku Salem

Loweruka

Telmo, 1:12pm: lurdes uli kuti? kunyumba kulibe munthu, wheelchair ya adad sindikuiona

Lurdes, 1:15pm: tili ku salem achimwene, ku museum ya zidole za phula

Telmo, 1:15pm: mu october?? mwezi umene alendo ovala ngati afiti amadzaza town yonseyo, ndi munthu wa stroke?

Telmo, 1:16pm: a ku care home akufuna yankho lero. bedi yatsala imodzi

Lurdes, 1:18pm: auzeni adikire. adad sapita kumeneko

Telmo, 1:19pm: iwe, chiyambire january sanatulutse liwu ngakhale limodzi. ine sandidziwa nkomwe, amandiyang'ana ngati ndabwera kudzawerenga meter

Telmo, 1:27pm: lurdes

Lurdes, 1:44pm: [chithunzi] tili ku gawo la khoti la azimayi amene ananamiziridwa ufiti kuno kalekale. taonani judge waphulayo watukula chala, mphuno yake ndi yanu ndendende kkkk

Telmo, 1:45pm: sizoseketsa. iwowo akutani

Lurdes, 1:49pm: agona

Telmo, 1:49pm: waonatu

Telmo, 2:06pm: 3 koloko ikakwana ndiwaimbira kuti tavomera. pepa sis, nanenso zikundiwawa

Lurdes, 2:31pm: achimwene

Lurdes, 2:31pm: MAYO INE

Telmo, 2:32pm: chani? agwa??

Lurdes, 2:33pm: ayi! tatsikira ku gawo la zombo. kuli amalinyero aphula, ndiye guide amapatsa alendo chingwe chenicheni kuti akoke, iye nkuyambitsa nyimbo ya amalinyero yokokera chingwe

Lurdes, 2:34pm: koma mawu ake ngati mbuzi, aliyense akukoka nthawi yakeyake. adad atsegula maso, akwinya nkhope, agwira chingwe ndi dzanja labwino lija

Lurdes, 2:36pm: [voice note 0:48]

Telmo, 2:38pm: akuimbayo ndani

Lurdes, 2:38pm: mukufunsa inu, mwana wa msodzi??

Telmo, 2:39pm: ndi speaker ya museum iyo. usandipusitse pls

Lurdes, 2:41pm: [video 0:31]

Lurdes, 2:41pm: speaker imavala jekete ya adad? alanda nyimbo! guide wangoti kukamwa yasa. anthu a zipewa za afiti onse akuvomera, tsopano akukoka limodzi bwinobwino

Lurdes, 2:44pm: mwaiona?

Lurdes, 2:47pm: bho, khalani chete, koma imvani iyi. paja mu boti woyambitsa nyimbo amaponyamo dzina la amene akuzemba pa chingwe

Lurdes, 2:48pm: [voice note 0:22]

Lurdes, 2:48pm: chipinda chonse chikuimba kuti telmo waulesi koka, telmo waulesi koka kkkkk. alendo sakukudziwani nkomwe koma akukunyozani ndi mtima wonse

Lurdes, 2:49pm: ndikulira ngati mwana achimwene, ndasangalala heavy

[Lurdes waimba foni, 2:52pm, sanayankhidwe]

Telmo, 2:59pm: ndikungoibwereza. ndaima pambali pa msewu, sindikuona bwino

Telmo, 3:00pm: ankandiimba choncho tikamakoka ukonde, ndinkakwiya zedi

Lurdes, 3:01pm: nthawi yanu ija yakwanatu bwana judge. imbani

Telmo, 3:04pm: ndaimba. bedi apatse wina

Lurdes, 3:04pm: EEEEH!!!

Telmo, 3:05pm: ku salem parking kulibe, ndikwera sitima. umuuze guide asachotse chingwecho ndisanafike

Lurdes, 3:06pm: achichotsa bwanji, adad akukana kuchisiya. fulumirani, ayambanso ndime yanu