Mapira a Mbewu Zuze Wawasandutsa Mowa

Asisi a Rozina,

Zochita za mlongo wanu Zuze ndizo zandilembetsa kalata ino, koma ndiyambe ndi ulemu. Muli bwanji ku Kitwe, pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno kwa Mphuka tilipo, kungoti chifuwa cha atate sichikuwaleka.

Ngala za mbewu ndinazipachika pamwamba pa moto monga ankachitira malemu amayi, kuti utsi uziingitsa anankafumbwe. Ndinasankha ndekha, zazikulu zokhazokha. Ngakhale masiku aja tinkagonera phala la masau, sindinakhudzeko n'imodzi yomwe.

Atate atagonekedwa m'chipatala ku Boma, ine ndili komweko kuwadwazika, Zuze anatsitsa zonse n'kukapereka kwa mayi wofulula mowa, ati asangalatse anzake a ku Zumbo, kutsidya kwa mtsinje. Pobwera ndinapeza wailesi ikulira pabwalo, kudenga kulibe kanthu. Iye akuseka, n'kundilozetsa chikho: “Iwe Tereza, za mawa unaziona ndiwe? Imwako, ndi thukuta lako lomwe!”

Tsopano mvula yagwa. Anzathu akubzala, ife tikungoyang'ana munda. Anzake aja anaoloka kalekale, mimba zitadzaza. Mtundu uja wa amayi, wopirira dzuwa la kuno, wathera m'chikho.

Chonde titumizireni pa basi mbewu iliyonse yocha msanga, chinyezi chisanathe. Mulungu akusungeni nonse.

Za kukhululuka musandilembere. Chakudya chikapezeka ndizimugawira poti ndi magazi athu, koma nkhaniyi ndaitsekera pano. Sindidzaitchulanso, kwa iye kapena kwa inu.

Ndine mng'ono wanu,
Tereza