Fumbi Lakuda pa Tsaya la Kadona

Lolemba, 9 Juni

Lero sindinamunyamulenso Kadona. Apongozi andiimika pakhomo ngati wapolisi wa pamsewu. Atenga kansalu koyera, kundipukuta pamkono, kukayang'ana pa kuwala: kada bii. Akuti, "Bambo a mwana, muzimuonera pomwepo. Maso sayabwitsa."

Nkhani ndi ya tsaya lija. Sabata yatha ndinamugoneka pachifuwa nditangoweruka, kutacha tsaya lonse tiziphuphu. Kuchipatala anafunsa ntchito ya bambo ake. Mayi ake anati ndimacheka ndi kusalaza mapanelo a kaboni, zinthu zonga matabwa akuda. Adokotala akuti fumbi limenelo ndi tisingano tosaoneka. Zimenezo sizinkafunika adokotala, limandiyabwa mpaka m'khwapa. Ndimasamba kawiri, sopo akutha ngati akudyedwa ndi makoswe, koma lilipobe. Linamanga nyumba m'khungu.

Mwana wanga yemwe ndikumuona ngati katundu wa pa windo la sitolo.

Lachiwiri, 10 Juni

Njira ndi imodzi basi: kuchoka ku shedi ya gilayinda, makina ochekera, kulowa m'Chipinda Choyera. Uko n'kumene mapanelo amapangidwira, ife kuno timangowacheka akauma. Kulibe fumbi, anthu amavala ovolo yoyera ngati ophika buledi.

Ndapempha Kapitawo. Andiyang'ana kuyambira ku nsapato. "Iwe ukudziwako chiyani za uko?" Ndati kuphunzira, akulu. Akuti ndionerere sabata ino, Lolemba andipatsa panelo yangayanga. Ikatuluka bwino ndikhala, ikapanda ndibwerera ku fumbi ndipo ndisadzawavutitsenso.

Ndevu, amene timacheka limodzi, akuti, "Pita ndithu. Ukakafika kumwambako utikumbukire ife ochimwa."

Lachitatu, 11 Juni

Ndilembe ndisaiwale. Tebulo ndi la galasi, kulipukuta mpaka udzione. Pansi nsalu yakuda ya kaboni. Pamwamba pake fomu, yopepuka ngati siponji koma youma gwa, ili ndi timizere ndi timabowo. Kenako nsalu yakudanso, kansalu kodzasenda, neti, mapaipi. Zonsezo kuphimba ndi pulasitiki, m'mbali kumata ndi tepi yonga chingamu. Pampu imayamwa mpweya wonse mpaka pulasitiki imakakamira. Ukatsegula paipi, rezini, amene ali ngati uchi wonunkha, amadziyendera yekha m'nsalumo. Mpweya ukangolowa pena pake, panelo yafa.

Andipatsa magolovesi atsopano. Ndathokoza ndi manja awiri. Kapitawo akuti, "Si ako, ndi a panelo. M'manja mwakomo muli mafuta."

Panelo ili ndi hita yake yoifunditsa. Ili ndi bulangeti. Ili ndi koyezera kutentha, ndipo ikazizidwa pang'ono Bwana amatsika okha mu ofesi. Bafa la ife antchito linafa chaka chatha, mukusungidwa makatoni. Pakhoma pali chikwangwani cholemba Bwana: PANELO NDI MWANA WATHU.

Ndamuuza Ndevu pa nkhomaliro. Akuti, "Mwana wa Bwana ali ndi hita, wako ali ndi apongozi. Onse akufunda."

Lachinayi, 12 Juni

Chondidabwitsa ndi pulasitiki. Kapitawo amadula yaikulu kuposa tebulo, n'kumaipinda makutumakutu m'mbali monse. Imaoneka ngati bedi la munthu wosakwatira. Ndafunsa kuti bwanji tikuwononga chonchi. Akuti, "Pulasitiki izikhala ndi pothawira. Pampu ikakoka, iyo izilowa m'makona a fomu. Ukaikunga ing'ambika." Ndagwedeza mutu, koma mtima ukukanabe. Chinthu chamakwinya chingakhale bwanji cholondola?

Asanatsegule rezini amazimitsa pampu, aliyense zii. Amuna akuluakulu a ndevu zawo kuwerama, khutu pa tebulo, kumvetsera ngati pena pakulira tsss. Wina maso pa geji, kawotchi koyezera mpweya, chifukwa singano yake ikatsika ndiye kuti pali bowo. Ndinatsokomola. Anandiyang'ana ngati ndaseka pamaliro.

Lachisanu, 13 Juni

Kadona wamwetulira koyamba. Akuti. Ine ndinali kubafa ndi sopo.

Lamulungu, 15 Juni

Alamu anabwera, fungo la fodya kutsogolo iwo pambuyo. Apongozi kuwapatsa mwana osawapukuta n'komwe. Akuti fodya ndi wa m'banja, anamuzolowera. Alamu kumuponya m'mwamba Kadona, ine ndili chilili pafupi ndi chitseko ngati wobwereka mchere.

Mayi ake amayesetsa. Amamutembenuzira kwa ine n'kumati, "Awo bambo ako, awo." Ndimamuimbira ndili patali, iye n'kumafunafuna kochokera mawu. Ndati adzakula akuganiza kuti bambo ndi wailesi. Mayi ake anaseka, kenako anasiya. "Pirirani, bambo ake. Amayi akungoopa." Ndikudziwa. Inenso tsaya lija ndinaliona.

Ndayeserera kupinda makutu pa nsalu ya patebulo. Apongozi anabwera n'kuiwongola.

Lolemba, 16 Juni

Ndinayala zonse bwinobwino, fomu pakati, makutu monga ndinaphunzitsidwa. Kapitawo anaona, anati hmm, ndipo hmm wawo ndi chiyamiko. Kenako dzino limene lakhala likuwapweteka linawakulira mphamvu, anathamangira kokazulitsa. Akuti ndisatsegule kanthu mpaka abwere.

Atangotuluka, Bwana tulukiru, tayi pakhosi. Kukubwera alendo, anthu ofuna kugula mapanelo ambiri. Aima pa tebulo langa.

"Ichi n'chiyani?"

"Makutu, bwana. A pothawira."

"Ikuthawa ndani? Alendo ajambula zithunzi. Akaone kampani yathu ili ndi makwinya ngati chikwama cha agogo? Ikoke isalale."

Ndinati Kapitawo anena. Akuti, "Kapitawo ndi ine wamkulu ndani?" Funso limenelo ngakhale ine wa sitandade faifi ndimalikhoza. Ndinamatula tepi, kukoka, kudula yotsala. Ndipo ndisaname, inakongola. Yosalala ngati madzi a m'beseni. Mumtima ndinati si izi, ndimanena ine.

Zomvetsera tsss Bwana akuti tilibe nthawi, alendo sangabwere kudzaonerera anthu atagona pa tebulo. Ndinayatsa pampu, kutsegula paipi. Rezini anayamba bwino, mzere wonyowa ukuyenda pang'onopang'ono, alendo mafoni m'mwamba. Utafika pakati ndinamva phwi. Pakona ya fomu pulasitiki yang'ambika. Thovu linayamba kuthamanga m'nsalu monse ngati nyerere zoyera.

Mayi wina mwa alendowo akuti, "Koma zokongola. Timathovuto ndi tachiyani?"

Bwana osaphethira n'komwe: "Panelo ikupuma, mayi. Ndi njira yathu yatsopano."

Ine chala chachikulu chili pabowo, dzanja lina likusaka tepi, thukuta likutsikira m'ovolo yoyera ija. Anandijambulanso. Bwana anawauza kuti antchito athu amaikonda panelo mpaka safuna kuisiya.

Kapitawo anabwera tsaya lili ndi thonje. Anayang'ana tebulo, kuyang'ana pulasitiki yodulidwa ili m'bini, kuvula chipewa. Anatuluka atagwira tsaya. Mwina ndi dzino.

Lachiwiri, 17 Juni

Taisenda panelo ija. Pakona pali chigamba chotuwa chachikulu ngati mbale, pamene rezini sanafike. Kapitawo kuigogoda ndi kiyi: kwina ikuti ngwe ngwe, pachigambapo phu phu ngati dzungu lowola. Yopita kotaya.

Masana msonkhano, tonse, ndi a ku fumbi omwe. Bwana alankhula nthawi yaitali. Akuti afufuza mozama, apeza kuti panelo inafa chifukwa panalibe munthu woyang'ana geji. Inasowa chisamaliro. Kodi mwana mungamusiye yekha? Za makutu sanatchule. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana nsapato zanga. Ndevu anakweza dzanja kufunsa ngati maliro a mwanayo tisonkhe. Anamutulutsa.

Ndiye basi, mawa ku gilayinda. Kunyumba sindinadikire kansalu, ndinangolunjika kubafa. Mayi ake anaima kuseri kwa chitseko, akuti, "Zayenda bwanji?" Ndinatsegula mpopi kwambiri.

Lachitatu, 18 Juni

M'mawa ndavala kale ovolo yakuda, Kapitawo kundiitana. Nkhope ya chigamulo. Akuti Bwana akhazikitsa udindo watsopano kuti zija zisadzachitikenso: munthu wokhala pa kampando kuyang'ana singano ya geji kuyambira pampu kuyaka mpaka rezini kuuma. Osalankhula, osagwira foni, osagwira chilichonse. Afunsa onse a m'Chipinda Choyera, aliyense akuti bola kumuchotsa ntchito.

"Ndiye ndi iweyo. Bwana akuti manja akowa asadzakhudzenso panelo, ngakhale kuicheka. Wamva? Ukhala ngati mphika wa maluwa. Ndi chilango, usayang'ane choncho."

Ndinafunsa kuti kampandoko kakhala kuti. Akuti pambali pa pampu, kuti kwinanso. Ndinafunsa ovolo yake. Akuti yoyera, nanga ulowa ndi fumbi lakolo?

Ndinaweramitsa mutu kwambiri kuti asaone mano. Akuti, "Eya, uchite manyazi."

Pofika nkhomaliro dzina langa linali litasintha. Ndine Mlezi. Ndevu akufunsa ngati ndimaiyamwitsanso.

Lachinayi, 19 Juni

Singano sinasunthe tsiku lonse. Matako afa. Khungu silikuyabwa.

Loweruka, 21 Juni

Ndaweruka masana. Pakhomo, apongozi ndi kansalu kawo. Kupukuta mkono, kuyang'ana. Kupukuta winawo. Kupita nako pa windo. Kubwerera, kupukuta m'khosi, kuseri kwa makutu, mpaka pakati pa zala. Koyera.

"Akuchotsani ntchito?"

"Ayi, amayi. Andikweza. Ndimayang'anira mpweya."

Anati hmm. Anayang'ana mwana wawo, mwana wawo anayang'ana kudenga. Kenako analowa kuchipinda n'kutuluka naye Kadona ali m'shawelo.

"Khalani pansi kaye. Mutu, gwirani mutu. Osati choncho, si katoni."

Walemera. Sindimadziwa kuti walemera chonchi. Tsaya lapola, kwatsala kachipsera kamodzi ngati njere ya mchenga. Anandiyang'anitsitsa, nkhope yosandidziwa, mlomo wayamba kale kupindika. Ndinayamba kanyimbo kaja ka pachitseko. Mlomo unaima. Maso kuyang'ana kuchitseko, kubwerera kwa ine, kuchitsekonso.

Apongozi anawerama kuti amukunge shawelo. Ndinati, "Musakoke kwambiri, amayi, izikhala ndi pothawira." Anandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo china, koma anasiya.

Posapita nthawi ndinamva kufunda pamkono, kukutsikira m'chigongono mpaka pa thalauza. Ndinati pali bowo pena pake. Mayi ake anaseka mpaka kugwira khoma. Apongozi anatambasula manja: "Bweretsani kuno, wakunyowetsani."

Sindinamupereke.