COB sanali malo, achimwene

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Dambe tilipo, kungoti amayi miyendo ija yayambanso kutupa.

Ntchito ya ukalaliki wogula soya ndinakuuzani ija yandiphonya. Pachidziwitso analemba kuti makalata ofunsira ntchito afike Lachisanu, kenako panali zilembo zitatu: COB. Ine ndinayesa kuti ndi dzina la ofesi yolandirira makalatawo. Nditafika pa boma Lachisanulo ndi kalata yanga, dzuwa lili pamutu, ndinayamba kufunsa. Wakabaza wina anati ndi banki, bambo wina wagolosale anati mwina ndi kumalire. Ndinakafika mpaka kumalireko, koma palibe amene ankaidziwa.

Madzulo ndinabwerera ku ofesi ya bungwe lolemba ntchitolo, imene ndinaidutsa masana, kuti ndikafunse. Ndinapeza mayi wina akukhoma chitseko.

"Mwanawe, COB si malo," anatero. "Ndi nthawi yowerukira. Makalata a anzako anyamuka kale, akupita ku Lilongwe."

Ndinagwada pakhonde pomwepo, achimwene, koma iwo anangoti pepa.

Chiyambire kufunsira ntchito, iyi yokha ndi imene ndinkaiyenerera. Sukulu munandivutikira ija sindikuona chimene yandipindulira, ngati zilembo zitatu zokha zingandibweze kumunda. Chonde afunseni alamu ngati kumeneko kungapezeke malo, ngakhale otsuka mbale. Kuno mtima wanga watopa.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Tadala