Magolovesi Anamukana Howard

Michesi, Phalombe
14 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene a Goodman,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino ku Joniko. Kuno tilipo, nandolo wachita bwino chaka chino. Mumva kwa anthu kuti ndachititsa manyazi msuweni wathu Howard pagulu. Ndi zoona, ndipo sindipepesa.

Mu Juni kunabwera ophunzira a ku yunivesite ndi makina ophunzitsira ng'oma za tchopa. Umavala magalasi aakulu, n'kuona bwalo ndi ovina ngati uli pomwepo. Umavalanso magolovesi n'kumaomba m'malere, ng'oma n'kumalira m'makutu. Ukaomba bwino ovinawo amavina, ukaphonya magolovesi amakunjenjemeretsa manja ndipo ovina amangoti chilili.

Makinawo ankafunika munthu woti awaphunzitse kaye. Howard, poti amathyola Chingelezi, ndiye ankaperekeza alendowo, ndipo anabwera nawo kwa ine. Milungu itatu ndinawaombera kaombedwe ka malemu bambo athu, kaja ndinkabera ndi makutu kuseri kwa nkhokwe. Pomaliza ndinapeza kuti pa makinapo alembapo dzina la Howard kuti ndiye anawaphunzitsa. Nditamufunsa anati, "Ndani angakhulupirire kuti mkazi amaomba ng'oma? Usavute, Enelesi." Dzina la bambo osalitchula n'komwe. Mtima unandiwawa, achimwene, koma ndinangoti zikomo.

Loweruka anaonetsa makinawo pa Migowi, holo itadzaza, ovina aja akuoneka pakhoma. Howard anabwera mu suti. Atatha kudzitama ndinapita kutsogolo n'kugwada mwaulemu.

"Pepani akuluakulu, tikupempha aphunzitsi athuwa atiombereko pang'ono."

Anthu anaomba m'manja, ndiye akanakana bwanji? Anamuveka magolovesi. Kungoomba kawiri, manja anayamba kunjenjemera ngati wadwala malungo, ovina pakhoma atangoima kumuyang'ana. Iye akuti makina awonongeka. Mayi Rozaria, ogulitsa tomato aja, anati, "Mpatseni Enelesi, tione ngati awonongekadi."

Ndinavala. Ndinaomba kaombedwe kaja bambo ankatsekera bwalo, ovina anayambapo, holo yonse inavina nawo. Ndikuulula, ndinatalikitsa dala. Ndinkafuna Howard aime pomwepo mpaka thukuta linyowetse sutiyo, ndipo ndinakondwa kwabasi.

Ophunzira aja akonza. Pano palembedwa Nickson Atikonda ndi mwana wake Enelesi. Chonde munditumizire chithunzi cha bambo chija munapita nacho, akufuna achiikemo.

Moni kwa alamu ndi ana. Azakhali, mayi ake a Howard, sakundiyankhula. Howard akanakupatsani moni, koma chichokereni ku Migowi sanatulukebe m'nyumba.

Ndine mlongo wanu,
Enelesi