Waya Unabwerako, Inu Ayi

Kopolo Goodwell Longwe wa ku Salisbury Lines, Mzuzu

Mwezi uno wa Malichi zakwana zaka zitatu chitisiyireni, akulu. Ndikulemba ndine Yona, mng'ono wanu, m'malo mwa amama a Nyamanda, alamu a Rhoda ndi mwana wanu Peggy. Chithunzi chili pamwambachi ndi chija munajambulitsa pafupi ndi depoti ya mabasi, chipewa mutapendeketsa, mukudziletsa kuseka. Timachiyang'ana kwambiri chifukwa nkhope yanu sanatilole kuiona.

Ku usilikali munali wa mawaya. Ntchito yanu inali kuyala waya wa telefoni kuchokera pa hema la bwana mpaka kumaenje kumene anzanu ankabisala ndi mfuti. Ntchitoyo inakulowani m'magazi. Simunkadutsa kachidutswa ka waya pamsewu osakatola, ndipo alamu ankadandaula kuti matumba a mathalauza anu onse ndi obooka. Inu munkangoseka: "Waya sataya, Rhoda, mawa udzamanga nawo chitseko." Chingwe choyanikira zovala pakhomo pano ndi chanu. Magalasi a amama agwira ndi kawaya kanu mpaka lero. Peggy, amene munamusiya akuphunzira kuyankhula, amakoka galimoto ya waya ija munamupangira ngakhale tinakuuzani kuti ndi choseweretsa cha anyamata. Ine munkandigogoda pamutu n'kumati, "Iwe werenga chomene, mfuti utisiyire ife a mitu youma."

Kenako kunabwera mkangano wa malire. Miyezi isanu munakhala tsidya lino la mtsinje wa Songwe, asilikali a dziko loyandikana nalo ali tsidya lija, mizinga itayang'anana. Chipolopolo sichinalire ndi chimodzi chomwe. M'makalata munkatiuza kuti adani enieni ndi udzudzu, ndi kuti a tsidya lija amachapa malaya nthawi imodzi ndi inu, wina n'kumakupemphani fodya ndi manja. Tinkaseka powerenga. Atsogoleri atatopa kuopsezana anagwirizana kuti mbali zonse zichotse asilikali, ndipo wailesi inalengeza kuti anyamata athu onse akubwerako, palibe ndi mmodzi yemwe watayika.

Tsiku limene malole anu ankadutsa mu Mzuzu, anatseka msika n'kundandalitsa amayi m'mbali mwa msewu, aliyense chitenje cha chipani m'chiuno. Amama sanachite kuwakakamiza. Anadzuka m'mamawa, anaphika mpunga ndi nkhuku, n'kupita kukaima kutsogolo. Anavina, akulu. Munthu wa mawondo otupa uja anavina, akululutira lole iliyonse, maso akufunafuna chipewa chopendekeka. Malole khumi anadutsa odzaza asilikali akuimba. Ya khumi ndi chimodzi inali yofunditsidwa lona, ndipo nayonso anailulutira. Madzulo ake loleyo inadzaima pakhomo pathu.

Bokosi linali lokhomeredwa kale, asilikali awiri a mfuti ataima mbali ndi mbali. Anati munafa ndi malungo ndipo thupi lawonongeka, kotero mwambo woona nkhope sipakhala. Anatinso tisalire mokweza, chifukwa dziko lili pa chisangalalo. Asibweni a Amos, alongo awo a amama, anabwera kuchokera ku Nkhata Bay. Munthu uja ndi msodzi, wanyamula maliro ambiri paphewa pake. Titatsitsa bokosi kumanda a kufupi ndi Kaning'ina anandinong'oneza kuti, "Mphwanga, munthu amalemera kuchifuwa. Ili likulemera kumapeto konse kuwiri, pakati palibe kanthu." Mnyamata wina wa baji ya chipani anacheuka, asibweni n'kuyamba kutsokomola. Tinakwirira.

Ndinabwerera ku koleji ya aphunzitsi monga mukanafunira. Ndinapirira chaka chimodzi. Atanditumiza kukayeserera kuphunzitsa, anandipatsa nyimbo yoti ndiphunzitse ana a Sitandade 4, yotamanda asilikali amene anapita onse n'kubwerako onse. Ndinalemba mzere woyamba pa bolodi. Wachiwiri unandikanika. Ndinaika choko patebulo n'kutuluka, ndipo sindinabwererenso. Mundikhululukire, akulu. Panopa ndimasenza matabwa kwa kalipentala wina kuseri kwa msika.

Kumeneko ndi kumene anandipeza a Zebedee mu Januwale, mnzanu uja munkagona naye hema limodzi. Anachoka ku usilikali, masiku ano amakonza njinga. Anandiitanira pambali masanasana, anatulutsa m'thumba kachitsulo kanu kodulira waya, n'kundiuza zimene anasunga pafupifupi zaka zitatu.

Simunadwale malungo. Tsiku lochoka, katundu ali kale m'malole, bwana wa nyenyezi paphewa anapeza kuti waya umodzi watsala woyalidwa kutsidya kwa kamtsinje kolowa mu Songwe. Mvula inali itagwa kumapiri masiku atatu, kamtsinjeko katasefukira. Anthu a m'mudzi wapafupi anachenjeza kuti madzi otere ngakhale ng'ombe siwoloka, adikire mawa. Bwanayo anati mawa n'kutali, a tsidya lija asapeze kanthu kathu ngakhale msomali. Inu munavula nsapato, munapatsa a Zebedee kachitsulo kaja kuti akusungireni, n'kulowa. Munawoloka, munamasula waya, munaumanga pa chingwe kuti anzanu akoke. Pobwerera madzi anakutengani. Anzanu anapempha kuti atsatire mtsinje, koma anauzidwa kuti nthawi yochoka inagwirizanidwa ndi mayiko awiri, singasinthe chifukwa cha kopolo mmodzi. Waya anaukulunga bwinobwino n'kuukweza mu lole. M'bokosi anaikamo matumba awiri a mchenga a pamaenje paja, lina kumutu, lina kumiyendo.

Ndiye ndikufunsa, ndipo amene akudziwa kuti funsoli ndi lake alimve. Waya umenewo uli kuti lero? Ukulankhulitsa ndani? Miyezi isanu adani anakulozetsani mizinga osakukhudzani ndi chala chomwe, n'kudzakuphani waya wa kwanu komwe. Imfa tikanaipirira, ife ndife anthu a kunyanja, madzi atilandapo ambiri. Kwathu munthu akamira timakhala pagombe kudikira kuti madzi atibwezere. Akakana, timapita pamene anamirira, timamuitana ndi dzina lake, timathyola nthambi pamenepo n'kubwera nayo kumudzi osacheuka, kenako timaika thunthu la nthochi m'manda tikudziwa chimene tikuika. Zonsezi anatilanda kuti mawu a pa wailesi asakhale bodza. Anavinitsa mayi kutsogolo kwa bokosi la mwana wake, ndipo ngakhale bokosilo linali lonama.

Chimene chinandisowetsa tulo ndi amama. Loweruka lililonse, zaka zitatu, akhala akupita ku Kaning'ina ndi tsache ndi kakhasu, kukalambula pamanda n'kumakuuzani nkhani za pakhomo: kuti Peggy waguluka dzino, kuti denga likudontha, kuti Yona wasiya sukulu ndipo mumukalipire. Alamu anati tisawauze, mtima wawo ndi wofooka. Asibweni anati tiwauze, munthu wamkulu sasesera mchenga. Ine ndinakhala pakati miyezi iwiri, Loweruka lililonse ndikuwanyamulira kakhasu kaja ngati wakuba.

Ndinawauza Lamulungu lapitali titachoka ku tchalitchi. Ndinayembekeza kuti akomoka. Anavula magalasi, anayang'ana kawaya kanu kaja nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye kuti mwana wanga akadali kumalire. Anzake onse anawauza kuti bwererani, iye palibe anamuuza." Anaimirira, anatenga tsache lija n'kuliponya pamoto.

Choncho mvetserani, akulu, popeza amene anakutumani sanaone chofunika kukuuzani. Mkangano unatha kalekale. Maenje anakwiririka, mwamera udzu. A tsidya lija anapita kwawo, amene ankakupemphani fodya uja mwina ali ndi ana ake pakhonde. Mwatsala nokha. Loweruka likubwerali sitipita ku Kaning'ina. Tikwera basi ya ku Karonga, amama, asibweni, alamu ndi ine, ndipo a Zebedee avomera kutilozera malo. Ena atichenjeza kuti kumalire amafunsa mafunso ambiri, ndi kuti mawu ngati awa amasowetsa munthu. Amama ati afunse, adzawayankha okha. Alamu adula kale nthochi ya kuseri kwa bafa.

Tikafika tidzakuitanani katatu. Mukamva mawu a amama musachedwe ndi kutola mawaya. Nyamukani, tizipita kwathu.

Sitidzakuiwalani, ndipo amene anakusiyani m'madzi sitidzawaiwalanso.

Ine Yona, pamodzi ndi amama a Nyamanda, a Rhoda ndi Peggy.