Galasi la Yamikani patebulo la m'tchalitchi

Lamulungu, 9 Malichi. Lero ndayenda chozyolika tsiku lonse.

Dzulo ndinapeza kabotolo kagalasi kokhota khosi m'chikwama cha mwana wanga Yamikani, amene wangobwera kumene kuchokera ku Joni. Ndinayesa n'koikamo maluwa. Ndinakatsuka bwinobwino, ndipo m'mawa uno ndinakaika patebulo la kutsogolo m'tchalitchi, maluwa ofiira ali momwemo, poti sabata ino wokongoletsa ndine. Anyamata a kwaya ankangokodolana n'kumaseka. Titatuluka, Mayi Nabanda anandikokera pambali. Anati, "Anzanga, musakhumudwe, koma akuti chija n'chosutira chamba."

Nditafika kunyumba ndinamufunsa Yamikani. Sanakane. Anati iye sasuta masamba, amasuta phula lochokera ku chambacho.

"Amayi, kuchepa kwake n'kwadala," anatero. "Galasi likakhala lalikulu, la madzi ambiri, nthunzi imazizira koma fungo lonse limatsalira m'madzimo. Kakang'ono kaja kamasunga kukoma."

Ankafotokoza modekha, manja akuyenda, ndendende mmene malemu bambo ake ankafotokozera za fodya wabwino m'chigafa mwathu ku Malomo.

Manyazi a kutchalitchi atha, anthu adzapeza china choseka. Amene akundidya ndi akuti ndinamumvetsera mpaka kumapeto, ndikugwedezera mutu, chifukwa chibwerereni mwanayu anali asanandilankhulepo mawu ambiri chonchi. Ndinaopa kuti ndikamudula asiya. Mawu omudzudzula ndinali nawo pakamwa, koma ndinangomufunsa ngati wadya.