Bwera Mvula Isanagwe

Nsaru, 19 Meyi 2024

Wokondedwa mwana wanga Talandira,

Kaya wadzuka bwanji ku Ulayako, pamodzi ndi mkamwini wanga Noel ndi kamdzukulu kanga Anne? Kuno tilipo ndithu, kungoti bondo la mayi ako lija likuwavutabe. Kamphepo ka Meyi kayamba, fodya ali m'chigafa ndipo tili pakalikiliki kusankha.

Usadabwe kuti ndalemba kalata pomwe lamya ilipo. Pali mawu ena amakana kutulukira pakamwa.

Ukukumbukira mu Januwale muja unandiimbira mawu ali ofooka? Unati ntchito yako ya leza, kuwala kwa makina kuja, yakukanika. Unandifotokozera ngati mwana wa sitandade wani, kuti muli ndi ulusi wagalasi woonda ngati tsitsi, ndipo mukufuna kuti m'menemo muzidutsa mitundu isanu ndi itatu ya kuwala, yonse yofanana mphamvu. Koma mtundu umodzi ndi wosusuka, umamwa mphamvu yonse, inzake n'kumaphethira mpaka kuzima.

Ine ndinaseka, iwe n'kukwiya. Ndinati ameneyo ndi fodya wosadula nsonga. Duwa limadya chakudya chonse, masamba n'kutsala opyapyala, ndipo mlimi wanzeru sathira feteleza wina, amangothyola chamtalicho. Unandiyankha kuti sayansi si munda wa ku Nsaru, ndiponso zosefa kuwala anthu anazidziwa kalekale. Chabwino, amayi ophunzira. Koma mwezi watha unaimbanso ukuseka ngati udakali kamtsikana, kuti mwakonza kasefa kopungula wosusuka yekhayo, ndipo mitundu yonse yaima mofanana tsiku lathunthu osagwedezeka. Ukalandira digiri yako, pangodya pake ulembepo dzina langa.

Chiyambire tsikulo, masana ndikakhala m'chigafa, fungo la fodya likandilemetsa mutu, ndimaganiza za chingwe cha intaneti chija anakwirira m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji. Ndimaona timiuni tako tikuyenda pansi pa nthaka, mondondozana ngati amayi opita kumsika, popanda wopitirira mnzake. Timadutsa pa Mpingu, n'kukhotera njira yafumbi ya kwathu kuno, mbuzi zikupatuka. Tikafika pakhomo, mayi ako amatiyalira mphasa n'kutifunsa za ulendo. Ndikadzidzimuka ndimapeza tsamba lidakali m'manja.

Tsiku unaimba ukuseka lija ndinakufunsa ngati mitunduyo ndi yofiira kapena yobiriwira. Unati maso a munthu sangaione, mumaidziwa ndi makina ojambula timapiri pagalasi. Mawu akowo anakhudza chimene ndakhala ndikubisa.

Mwana wanga, chino ndi chaka chachiwiri ndikusankha fodya osauona mtundu wake. Tsamba lofiira ndi lokhuthala, limamata pang'ono ku zala. Lachikasu ndi lopyapyala, limalira mwina ukalitambasula. Lobiriwira limanunkha chiwisi. Anthu akubwerabe ndi fodya wawo kuti ndiwasankhire, akutama maso a Alufeyo, ine n'kumangovomera ngati zoona.

Lachiwiri ndinapita kuchipatala ndekha, mayi ako ndinawanamiza kuti ndikukasaka ziguduli. Adokotala anati diso lamanzere linapita kale. Lamanja likutsekeka pang'onopang'ono, ndipo mankhwala odonthezera angochedwetsa basi. Ndinawafunsa ngati ndidzaone mvula yoyamba. Anayamba akonza mapepala awo, kenako anati tiziyembekezera kwa Mulungu.

Ndili ndi mantha, Talandira. Mdima sindikuuopa kwenikweni, nyumba ndi munda ndikuzidziwa. Koma nkhope yako imene ndasunga ndi ya pabwalo la ndege paja, zaka zisanu zapitazo, ndipo Anne ndimangomudziwa kulira kwake. Zithunzi zimene umatumiza zija ndimangoziyamikira, pagalasi la lamya ndimaona chifunga chokha. Komabe padzuwa la masana, munthu akaima pafupi, ndimamuona.

Unati udzabwera chaka chamawa ntchito ikadzatha. Kuwala kwakoko kwaima tsopano, kungathe kukudikira mwezi umodzi. Kwangaku sikudikira. Bwera mvula isanagwe, ubwere naye mwanayo. Fodya ndimutha ndi zala, koma mdzukulu wanga ndikufuna ndimuone ndi diso, ngakhale kamodzi kokha.

Mayi ako usawauze, ndiwauza ndekha Lamulungu likudzali pochokera kutchalitchi. Upereke moni kwa Noel, Anne umugwire chanza m'malo mwanga. Mulungu akusungeni nonse, akutsegulireni njira.

Ukaona mizere ya kalatayi yapendekeka, usati bambo anamwa masese. Ndalembera pakhomo la chigafa dzuwa lili paliwombo, ndipo yanditengera masiku atatu.

Ndine bambo ako,
Alufeyo Kamwendo